Chaka Chimene Chimanga cha a Dale Chinagwa

Ndikauza anthu a kwathu ku Mchinji kuti ku America ndinaonako chaka cha njala, amaseka. Sindilimbana nawo. Njala yake sinafike m'mbale ya munthu, inalowa m'khola la ng'ombe, koma munthu inamugwetsa ndithu, ine ndikuona.

Dzina langa ndine Esnart. Banja langa lili ku Indianapolis, chakufupi ndi msewu wa Lafayette, ndipo amuna anga a Lameck amagwira ntchito pachipatala china m'tauni. Chaka chimenecho ine ndinapeza ntchito kumpoto, ku South Bend, m'labu yofufuza tizilombo towononga mbewu. Mkati mwa sabata ndinkagona kwa anaBanda, mayi wachikulire wa kumpingo amene Amalawi tonse a kumeneko timangoti azakhali. Lachisanu ndinkadirayiva kubwerera kwa amuna anga ndi mwana wathu Tadala.

Chimanga chambiri cha kuno n'chosinthidwa. Asayansi anachiika mphamvu yochokera ku kachilombo kena ka m'nthaka, moti mphutsi ikaluma muzu wake imafa. Alimi amangochitcha Bt. Ntchito yathu inali kuyang'anira ngati mphutsizo zikufabe. Tizilombo mukatidyetsa poizoni yemweyo chaka ndi chaka, pamapezeka tina tosafa, ndipo timeneto ndito timaswana.

Epulo ndi Meyi

A Dale ndinawadziwira kwa azakhali. Azakhali amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankawasamalira anali a Ruth, akazi a a Dale, amene anafa ziwalo mbali imodzi. A Dale anali mzungu wamtali wowerama pang'ono, wa zaka za m'ma sevente, mlimi wa ng'ombe zamkaka. Masana alionse, pakati pa kukama kwa m'mawa ndi kwa madzulo, ankabwera kudzadyetsa akazi awo. Anali ataphunzira kunena "muli bwanji" ndi "zikomo", ndipo ankazinena kwa aliyense wakhungu lakuda, ngakhale wa ku Kenya.

Abwana anga a Linda ankavutika kupeza alimi olola kuti tizikumba m'minda mwawo. Ambiri ankakana. Ankati anthu a labu akalowa m'munda mwako, mawa lake dzina lako lili pakamwa pa aliyense. A Dale atamva kwa azakhali kuti mwana wa kunyumba kwawo akusaka minda, anangoti abwere.

Famu yawo inali kummwera kwa tauni, panthaka yamchenga. Theka la malo linali lawo, theka lina ankabwereka kwa mayi wina wamasiye wokhala ku Speedway. Paliponse ankabzala chimanga, chaka ndi chaka, malo omwewo. Ndinawafunsa ngati sachita kasinthasintha ndi soya, poti mphutsi za kumizu zimafa ndi njala zikaswera m'munda mopanda chimanga. Anandiyankha kuti akudziwa, koma ng'ombe n'zambiri, malo ndi ochepa, ndipo mbewu ya Bt inabwera kudzathetsa vuto lomwelo. Kwa zaka zambiri inali italithetsadi.

Kunazizira nthawi yaitali chaka chimenecho, anabzala mochedwa. Ndinaima m'mphepete mwa munda thirakitala ikudutsa, ndikuona kutsidya kwa mpanda mlimi woyandikana nawo, a Roy, nawonso akubzala ndi makina aakulu kuposa. Anakwezerana manja. Anthu awiriwa anaphunzira sukulu imodzi ali ana.

Juni

Chimanga chinamera bwino, chobiriwira mpaka kudera. Munthu wodutsa pamsewu akanati chaka chino kuli mwayi. A Dale anandiuza kuti bambo awo ankati ukaona ziphaniphani zayamba kuwala, dziwa kuti pansi mazira a mphutsi aswa. Mazirawo amaikidwa m'nthaka chaka chapitacho, amagona nyengo yonse yozizira, n'kuswa chimanga chikafika m'mawondo.

Mvula inadula pakati pa mwezi. Mchenga sunasunge madzi. Masana masamba ankapindika, madzulo n'kutambasuka. Ndinazula mapesi angapo n'kupeza timphutsi toyera, tating'ono ngati ulusi, tili m'mizu. Zimenezo zokha sizinandiopse, chifukwa m'thumba lililonse la mbewu amasakanizamo chimanga wamba pang'ono, dala, kuti mphutsi zosalimba zikhale ndi podyera ndipo mtundu wake usathe, uzisakanikirana ndi wa zosafa zija n'kuufooketsa. Ndinaganiza kuti ndagwira mapesi amenewo. Koma phesi lililonse limene ndinazula linali nato.

Julayi

Mphepo inabwera Lachitatu lina masana. Kumwamba kunada, kunagwa mvula yamphamvu kwa kanthawi, kenaka dzuwa linatulukanso. Mawa lake a Dale anaimba foni ku labu, iwo eni.

Ndaonapo minda yowonongeka ndi chilala kwathu, ndaonapo yokokoloka ndi madzi, koma munda wogona ndinali ndisanauone. Chimanga chonse chinali chitagwa mbali imodzi, kuyambira pamsewu mpaka kunkhalango. Kwa a Roy kunali kogwa apo ndi apo, koma iwo anati ndi mphepo chabe.

Tinakumba zitsa ndi mafosholo, tinaziika m'thiraki, n'kukazitsuka ndi paipi kuseri kwa khola. Muzu wa chimanga chathanzi umakhala ngati tsache. Mizu iyi inali itadyedwa mpaka patsinde, yotsala ili yofiirira, yonunkha kuola. Pa phesi lililonse tinathyola tsamba, kulisinja, n'kuviikamo kapepala koyezera kuti tione ngati linalidi la Bt. Kapepala kalikonse kanavomera.

A Linda anawafotokozera a Dale kuti izi sizingathere pakati pathu. Zinayenera kukafika kwa amene anagulitsa mbewu ndiponso ku boma, ndipo chaka chamawa adzauzidwa kuti munda umenewo asabzalemo chimanga chomwecho. Anawauzanso kuti mizu yodyedwa si umboni wokwanira. Umboni weniweni udzapezeka tikatenga mazira a tizilomboto n'kuyesa ana ake, ndipo zimenezo zidzatha chaka chinacho.

A Dale anatola chitsa chimodzi, anachitembenuza m'manja.

"Kalipoteni," anatero. "Ndakuitanani ndine."

Ogasiti

Mphutsi zija zinasanduka tizikumbu tachikasu ta mizere yakuda, n'kutuluka m'nthaka. Tinali tochuluka moti munthu ukamayenda m'munda tinkalowa m'kolala ndi m'makutu. Tinkadya ndevu za chimanga, ndipo chimanga chodyedwa ndevu chimabereka zisononkho za njere apa ndi apo. Mapesi ogwa aja anayesa kudzuka, anapindika ngati ndodo ya ambulera. Mvula sinabwerenso. Chimanga chopanda mizu sichikanatha kufika pa chinyezi cha pansi, chinayamba kuuma kuchokera m'munsi.

Ine ndinkakhala m'mundamo tsiku lonse ndi kapaipi kukamwa, kuyamwa tizikumbu kuti tigwere m'botolo. Ku labu tinkatiika m'makheji, timakola totchinga ndi neti, tokhala ndi mbale za dothi kuti tiikiremo mazira.

Mphekesera zinayamba thiraki yathu itaoneka pamsewu. Azakhali ndiwo ankabwera nazo, poti kunyumba ya okalamba kumafika achibale a dera lonse. Ena ankati a Dale anagula mbewu yachinyengo. Ena ankati anaweta tizilombo tosafa chifukwa cha liuma lawo losafuna soya, ndipo tsopano tikuulukira m'minda ya anzawo. Panali wina amene ananena kuti boma lidzaletsa Bt m'dera lonselo chifukwa cha munthu mmodzi. Kumalo odyera kumene alimi amakumana m'mawa, a Dale atalowa anthu anayamba kukamba za mpira.

Tsiku lina a Roy anaimitsa thiraki yawo pafupi ndi pamene ndinali. Anandifunsa ngati n'zoona kuti tizikumbuto timauluka kutali. Ndinati n'zoona. Anandifunsa ngati ta kwa a Dale tafika kale kwawo. Ndinati sindingadziwe, tizikumbu tilibe chizindikiro. Kenaka anati ndipite kumunda kwawo wa kutali, wa kutsidya kwa mtsinje, umene sugundana ndi wa a Dale, ndikatole ta kumeneko, ndione kusiyana kwa munda wa munthu wosamala. Ndinapita sabata yomweyo. Tizikumbu tinaliko, ngakhale sitinali tochuluka ngati kuja. Alimi ena awiri a mbali ina ya dera anavomeranso, koma anati tibwere pa galimoto yopanda dzina la labu.

Seputembala ndi Okutobala

Alimi a mkaka sadikira kuti chimanga chiume. Amachidula chachiwisi ndi mapesi omwe, makina n'kuchiphwanya timagawo, n'kuchiunjika mulu waukulu wofunditsidwa pulasitiki. Amachitcha sayileji, ndipo ndicho chakudya cha ng'ombe mpaka chaka china. Chimanga chogona makina sachigwira bwino. A Dale ankayenda mbali imodzi yokha, pang'onopang'ono, akutsika kawirikawiri kukachotsa dothi lotseka makina. Chambiri chinatsala pansi.

Atamaliza anandionetsa malo a simenti pamene mulu umafika zaka zonse. Wa chaka chino unathera pakati.

Chilala sichinasankhe munda, choncho udzu wouma unakwera mtengo m'chigawo chonse. Amene anali nawo anaugwira, akudikira kuti ukwerenso. A Dale anagulako pang'ono kuchokera ku Michigan, wakale, wofumbwa. Anagulitsa ana a ng'ombe aakazi amene akanadzakhala okamidwa m'tsogolo, kuti pakamwa pachepe.

Kumapeto kwa Okutobala mwana wa mayi wamasiye uja anabwera kuchokera ku Speedway. Anayenda m'munda atavala nsapato zoyera, anaona mapesi ogona, anamvetsera zimene anthu ankanena. Anauza a Dale kuti chaka chamawa malo a mayi ake adzabwereketsa munthu wina. Munthuyo anali a Roy.

Novembala ndi Disembala

Mazira a tizikumbu saswa asanamve kuzizira kwa miyezi ingapo, choncho tinawaika m'chipinda chozizira, mbale za munda uliwonse pazokha, n'kutseka. Panalibenso chochita koma kudikira.

Mu Disembala kunali msonkhano wa alimi ndi alangizi m'holo yaikulu pakati pa Indianapolis. A Linda anaonetsa mapu a chigawo chathu, okhala ndi kadontho kofiira kummwera kwa South Bend, ndi chithunzi cha mizu ija. Sanatchule dzina. Koma kumbuyo kwanga kunakhala amuna a kudera lomwelo, ndipo ndinamva mmodzi akunong'oneza mnzake dzina la a Dale. Winayo anaseka pang'ono.

Nditafika kunyumba ndinangokhala pampando nditavala jekete. Tadala anandifunsa m'Chingerezi ngati ndadwala, ndinamuyankha m'Chichewa kuti ndatopa. A Lameck anati ntchito imeneyi ikundidya, ndiisiye, ndibwere ndizigwira ya kuchipatala ngati anzanga onse, tizigona nyumba imodzi. Ndinawauza kuti ndidikire kaye mazira aswe.

Sabata yomweyo amayi anaimba kuchokera ku Mchinji. Kwathu kunali dzinja, chimanga chili m'mawondo, ndipo ntchemberezandonda zinali zitalowa m'munda. Anati ayesa phulusa, ayesa dothi, ayesa sopo, mbozi zikungodya. Kenaka anati anamva kwa a Lameck kuti kuno kuli chimanga chopha mbozi chokha.

"Mwananga, sungatitumizireko ngakhale kapaketi kamodzi?"

Ndinawauza kuti malamulo salola, ndipo n'zoona. Ndinawauzanso kuti mphutsi zathu kuno n'zina, za kumizu, ndipo zikuoneka ngati zayamba kuchizolowera. Amayi anangoti nanga ngati kwa azungu zikukanika, ife tithawire kuti. 

Januwale

Chipale chofewa chinagwa chambiri. Tsiku lina azakhali anafika kunyumba ali okhumudwa. A Dale anali asanaonekere kwa akazi awo kwa masiku angapo, ndipo a Ruth ankakana chakudya, maso ali kukhomo. Foni a Dale sankayankha. Lachisanu limenelo sindinapite ku Indianapolis. Loweruka azakhali anakazinga zitumbuwa, anazikulunga m'nsalu, tinanyamuka.

Ng'ombe tinazimva tisanatsike m'galimoto. Ng'ombe yanjala silira ngati yofuna kukamidwa. Imalira motalika, n'kusiya, n'kuyambanso, ndipo khola lonse linali choncho. A Dale tinawapeza akukolopa pansi pa mulu wa sayileji ndi fosholo. Wantchito wawo anali atamuuza kuti akasake kwina, tsopano ankakama okha m'mawa ndi madzulo, ndipo paipi ya madzi inali itaundana. Ndevu zawo zinali zosameta.

Anatitengera m'khola. Anali atagawa ng'ombe pawiri. Zotulutsa mkaka wambiri ankazipatsa sayileji wosakaniza ndi udzu. Zokalamba ndi zamkaka wochepa ankazipatsa mapesi ouma okhaokha, amene anthu amangoyala pansi kuti ng'ombe zigonepo. Zimenezo mafupa a m'chiuno anali atatuluka. Ina inali itanyambita mtengo wa khola mpaka kusalala. Mkaka unali utatsika, ndipo lole yotenga mkaka inali itayamba kudumpha masiku.

Ankazidziwa mayina zonse. Anaima pa ina yakuda yokhala ndi banga pamphumi, n'kunena kuti agogo ake a ng'ombe imeneyi anawalera a Ruth ndi botolo m'khichini.

Azakhali sanawanyengerere. Anawauza kuti ng'ombe zili ndi njala, inde, koma kulinso munthu amene sakudya chifukwa cha iwo. Anati akasambe, akwere galimoto yathu, ife tidikira. A Dale anadya chitumbuwa chimodzi ali chiimire, anapita kukasamba. Tinabwerera nawo kuchokera kwa akazi awo, mpaka tinakhota kulowa pafamu. Pamenepo anati sayileji safika mwezi wa Malichi.

Febuluwale

Ng'ombe zinagulitsidwa tsiku lozizira kwambiri. Ndinapempha tchuthi ku labu n'kupita. Panabwera anthu ambiri, ena odzagula, ena odzangoona. Wogulitsa ankalankhula mothamanga pa chimkuzamawu, ng'ombe imodzi imodzi ikulowa m'bwalo la mabelo a udzu. Zabwino zinapita ku mafamu aakulu. Zoonda zija anazitenga ogulitsa nyama, motchipa, poti chaka cha chilala aliyense amagulitsa.

A Roy analipo. Anagula thanki ya mkaka ndi ngolo, ndipo pamapeto anapita kukagwira a Dale chanza. A Dale anapereka dzanja, maso ali kwina. Ng'ombe yakuda ija anaikweza okha m'lole, sanalole anyamata a lole kuimenya ndi ndodo yamagetsi.

Malole atachoka ndinapita kukatsanzika. Ndinawapeza m'khola akutseka mipope ya madzi umodzi umodzi. Anandifunsa kuti mazira aja aswa liti. Ndinati tiwatulutsa mwezi wamawa. Anati zikadziwika ndidzawauze ndekha, asadzamve kwa anthu.

Malichi mpaka Meyi

Tinatulutsa mbale zija n'kuziika pofunda. Tinabzala chimanga m'miphika, china cha Bt, china wamba. Mazira ataswa tinkanyamula timphutsi ndi kaburashi kofewa n'kutiika pamizu. Pofanizira tinali ndi mphutsi za mu labu, zimene makolo ake sanalawepo Bt. Patapita masabata tinazula mizu n'kuiika pansi pa mababu otentha, kuti mphutsi zamoyo zithawe kutentha n'kugwera m'timabotolo.

Za mu labu zimene zinadya Bt zinafa pafupifupi zonse. Za kwa a Dale zinagwera m'mabotolo zili zonenepa, ngati zadya chimanga wamba. Zimenezo tinkaziyembekezera. Kenaka tinafika pa za kutsidya kwa mtsinje kwa a Roy, nazo zinali zamoyo. Za alimi awiri a kutali aja chimodzimodzi. A Linda anati tibwereze. Tinabwereza, zinatuluka zomwezo. Anakhala pansi n'kuvula magalasi. Anati vutoli lakhala likukula mobisika m'dera lonse kwa zaka, palibe amene angaloze pamene linayambira, ndipo kwa a Dale kunangoonekera msanga chifukwa cha mchenga, chilala ndi mphepo ija.

Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti mlimi aliyense amauzidwa za munda wake wokha. A Roy anauzidwa ndi a Linda pafoni. Sindikudziwa zimene anayankha. Chimene ndikudziwa n'chakuti munda wa mayi wamasiye uja a Roy anabzalamo soya, ndipo za foniyo sanauze munthu.

A Dale anali atabwereketsa malo awo otsala n'kusamukira m'kanyumba ka m'tauni, pafupi ndi akazi awo. Ndinawapeza masana m'chipinda cha a Ruth, akuwamwetsa supu. Azakhali anali akusintha nsalu za pabedi. A Dale anali ataonda, manja awo atayamba kufewa. Anandipatsa moni wa Chichewa monga mwa masiku onse, n'kundilozera mpando.

Ndinawauza kuti mphutsi za m'munda mwawo sizikufa ndi Bt, zatsimikizika. Anagwedeza mutu, anapukuta pakamwa pa akazi awo. Kenaka anafunsa.

"Ndi kwanga kokha?"

Azakhali anasiya kuyala, anandiyang'ana. Ndinati mayina sindingatchule, koma si kwawo kokha. Paliponse pamene tinatola tizikumbu tinapeza zomwezo, ngakhale kutali kumene ta m'munda mwawo sitikanafika chaka chimodzi.

Ndinkaganiza kuti nkhope yawo imasuka. Njira yonse ndinali ndikuganiza choncho, kuti munthu amene anasalidwa pafupifupi chaka chathunthu amva kuti mlandu sunali wake yekha. Iwo anaika supuni m'mbale, anayang'ana pawindo. Kunja kunkadutsa thiraki yokoka matumba a mbewu.

"Ndikanakonda kukanakhala kwanga kokha," anatero. "Ine zanga zatha kale. Enawo ali ndi ana."

A Ruth anatsegula pakamwa kudikira supu ina. A Dale anatola supuni, anauzira, n'kupitiriza kuwadyetsa.